Masamba Pamsewu, Ine Ndili M'kabudula Wothina

Inu ana, tabwezerani kabudula ameneyo pa chingwe. Iwe Tadala, ndakuona, wamuvala kumutu ngati duku. Ameneyo si choseweretsa, ndi yunifolomu yanga. Nanga iwe Yankho ukuseka chiyani? Miyendo yangayi? Seka, koma akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo mawuwo sanasiye agogo kunja. Khalani pansi pakhonde pano ndikuuzeni mmene kabudula ameneyu anatsalira pang'ono kundilanditsa njinga, ndi mmene agogo anu aakazi anagamulira mlanduwo. Eni akewo ali kukhitchini uko, ndiye tizilankhula motsitsa.

Ine njinga ndinaidziwa ndisanadziwe nsapato. Bambo anga, agogo awo a mayi anu, anabwera nayo kuchokera ku Halale kumene ankagwira ntchito. Inali yakuda bii, yolemera, ya mabuleki a ndodo zachitsulo, osati timawaya ta masiku anoti. Inali ndi belu lomveka mpaka kutsidya kwa mtsinje, nyale ya dayinamo yowala ukamapalasa n'kuzima ukaima, komanso kachitsulo ka msonkho kutsogolo, poti nthawi imeneyo njinga inkakhomeredwa msonkho ngati munthu. Ife ana tinkagona kukhitchini limodzi ndi nkhuku, koma njinga inkagona kuchipinda kwa bambo, itafunditsidwa chiguduli. Musaseke, sindikunama.

Pophunzira kupalasa, miyendo sinkafika pansi ukakhala pa chishalo, ndiye tinkalowetsa mwendo umodzi kunsi kwa chitsulo chapakati chija, thupi lonse lili cha kumbali ngati nkhanu. Chipsera chili pa bondochi ndi cha sukulu imeneyo. Chubu chikaboola tinkamata chigamba, zigamba zikachuluka tinkamanga ndi legeni, legeni akakana tinkapakira udzu m'tayala n'kumapita. Inu lero foni ikangothima mumakhala ngati kwagwa maliro.

Ndipo dziwani kuti masiku amenewo mwamuna wa njinga anali bwana. Agogo anu aakaziwa, pamene mukuwaona akuyenda ndi chikwama cha m'manja kupita ku tchalitchi, ndinawatenga ku Chiradzulu atakhala chammbali pa keliyala, atandigwira lamba. Lero amakana, amati anabwera pa basi. Basi yake iti?

Kenako ndinapeza ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina m'tauni mu Blantyre. Ndinkapalasa kuchokera ku Limbe m'mawa uliwonse, tayi ili pakhosi, miyendo ya buluku nditaipana ndi zopanira zachitsulo kuti tcheni chisadye nsalu. Zaka zitapita anandikweza pa ntchito, ndinagula galimoto, ndipo njinga ndinaitumiza kumudzi osaitsanzika n'komwe. Galimoto ija inabwera ndi mphatso yake, mimba. Inayamba pang'onopang'ono, mpaka inafika poti nsapato zanga ndinkangokhulupirira kuti zilipo. Anthu ankati, "A Nampinga, zikukuyenderanitu," ine n'kumasekerera, poti kwathu kuno mimba timaiyesa satifiketi.

Nditapuma pa ntchito ndinakhala pampando uja uli pabalazapo. Inu ana, kupuma pa ntchito mumakumva ngati holide. Si holide ayi. Masiku oyamba umagona mpaka dzuwa kukwera, kenako umawerenga nyuzipepala mpaka zotsatsa malonda zomwe, pomaliza umayamba kudikira mauthenga a maliro pa wailesi kuti umve ngati muli dzina lodziwika. Panalibe wondifunsa kanthu. Ndinkadzuka osadziwa chodzukira, ndipo zinkandiwawa mumtima kwambiri, kungoti mwamuna wa msinkhu wanga sanena zotere. Agogo anu ankasesa mondizungulira ngati ndine kabati.

Tsiku lina mutu unazungulira ndili kubafa, ndinangopezeka ndili pansi. Kuchipatala dokotala wake anali mtsikana wa msinkhu wa mayi anu. Anandiyeza, n'kupukusa mutu.

"Bambo, BP yakwera, shuga nayenso ali pakhomo," anatero. "Mapiritsi ndikupatsani, koma mukapitiriza kukhala pampando, mpandowo ukuperekezani kumanda. Muziyendako."

Ndinayesa kuyenda wapansi. Koma mu Mpingwe muno mkulu wa mpingo sayenda kutali asanaimitsidwe. Uyu akufuna malangizo a banja, uyo mwana wake akufuna ubatizo, winayo akudandaula kuti kwaya ikuimba mothamanga. Ndinkabwerera kunyumba thukuta lisanatuluke, chotopa chili pakamwa pokha.

Amene anandipulumutsa ndi a Zuze, aja amabwera Loweruka atavala jekete ndi chipewa cha nsalu, amene mumawapempha masiwiti aja. Makolo awo anachokera ku Mozambiki kalekale, iwo anabadwira ku Limbe, ndipo moyo wawo wonse akhala akusoka zovala pakhonde la sitolo. Iwo ndi Akatolika, ine ayi, koma pa chitunda cha ku Chichiri tonse timaitana Mulungu mmodzimodzi. A Zuze njinga sanaisiyepo chibadwire, ndipo yawo ndi yakuda yakalekale ija, mlongo wake wa ija ya bambo anga.

"Achimwene," anandiuza, "munthu wa panjinga saimitsidwa. Mumangokweza dzanja, mwadutsa. Madandaulo awowo akakupezani Lamulungu."

Amalume anu a Dalitso atamva ku Joni kuti bambo awo akufuna njinga, sanafunse kuti yotani. Anangotumiza. Tsiku lomwe inafika ndinainyamula ndi dzanja limodzi, ndipo ndinati mwana wanga amubera, amugulitsa theka la njinga. Matayala oonda ngati chala, mahandulo opindikira pansi, magiya ambirimbiri, koma madigadi palibe, belu palibe, keliyala palibe. Njinga yopanda keliyala! Ungatengerepo mkazi ku Chiradzulu pamenepo? Chishalo chake chinali kachinthu kakang'ono kosongoka, kolimba gwa. M'katoni munalinso helemeti, magalasi akuda, magolovesi odula zala, malaya achikasu okhala ndi matumba kumsana, ndi kabudula wathu uja, wokhala ndi siponji kumbuyo.

Kabudulayo ndinamuponya pansi pa bedi. Ndinati ine sindinapenge. Ndinakwera njinga ndi buluku langa laulemu, kupita ku Limbe ndi kubwerako. Mawa lake linali Lamulungu, ndipo ndinalephera kukhala pa benchi m'tchalitchi. Ulaliki wonse ndinaumvera chiimire kumbuyo, nditatsamira khoma, mpaka abusa anandiyamikira kuti a Nampinga mawu awakhudza. Pamenepo ndinamvetsa ntchito ya siponji uja, ndipo ndinagwada n'kumutulutsa pansi pa bedi.

Loweruka lotsatira ndinatuluka m'chipinda nditavala zonse. Agogo anu anali akuthira tiyi m'kapu. Tiyi anadzaza, n'kusefukira, iwo akungondiyang'ana.

"Bambo a Dalitso," anatero, "pamenepa mwavala kapena simunavale?"

"Ndi zovala za masewera, mayi. Dokotala ndi amene wanena."

"Dokotala anati muziyenda, sanati muzionetsa dziko lonse mmene Mulungu anakuumbirani. Tamverani. Ine ndine wapampando wa amayi ku tchalitchi. Inu ndinu mkulu wa mpingo, mumagawa mgonero ndi manja amenewo. Tsiku limene munthu wa mpingo wathu adzakuoneni m'chinthu chimenechi, njingayo idzakwera minibasi kupita ku Chiradzulu kwa mphwanu. Akaimangirira thabwa azikanyamulira makala."

Inu mukuwadziwa agogo anu. Sanena kawiri. Ndiye tinapangana nzeru ndi a Zuze. Pali kanjira kafumbi kakuseri kotsikira ku Limbe, ndipo m'mbali mwake muli mtengo wa mango. Ndinkanyamuka kunyumba kukungocha, buluku lili pamwamba pa kabudula. Pa mango paja ndinkavula buluku, a Zuze n'kulipinda bwinobwino mwa utelala wawo, n'kulimangirira pa keliyala yawo. Pobwera, pa mango pomwepo, ndinkavalanso, n'kulowa mu Mpingwe ngati munthu wolongosoka. Pakati ponsepo ndinkadalira helemeti ndi magalasi akuda. Ndi zimenezo kunkhope, ngakhale msungichuma wa mpingo anandidutsapo pa galimoto osandizindikira.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sanapusitsike. Ukangodutsa pa mango paja kulowera ku Limbe, pali nyumba ya a Makwinja, mnzanga wa mumpingo, amenenso anali atapuma pa ntchito ngati ine, mimba ngati yanga, mapiritsi ngati anga. Ankakonda kukhala pampando wawo pakhonde, geti lili chitsekulire. Tsiku lina ndikudutsa ndinangomva, "A Nampinga! Nkhope mwabisa, koma miyendoyo tinakulira limodzi!" Ndinaima, n'kuwachonderera kuti asaulule. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo analonjeza. Ndinawauza kuti agule yawo tizipita atatu. Anati, "Mwezi wamawa, achimwene." Mwezi wamawa utafika anatinso mwezi wamawa. Koma chinsinsi changa anachisunga.

Za maulendo athuwo ndikhoza kukuuzani mpaka nkhuku kulowa. Mu Limbe anyamata oitanira minibasi sankatisiya. "Madala, mpikisano unatha dzulotu!" Wina wa kabaza anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Bwana, njinga yopanda pokhala kasitomala, mudya chiyani?" Tikafika potsetsereka kuchokera ku Chichiri kulowera ku Ginnery Corner ndinkasiya kupalasa, mphepo ikulira m'makutu, ndipo ndinkasangalala ngati mwana, ndikunena zoona. Tinkadutsa m'tauni masitolo asanatsekule, alonda akupinda makatoni awo, n'kukalowa ku Sunnyside kumene kuli mitengo ikuluikulu ndi agalu ouwa kuseri kwa mipanda. Kumeneko tinkakumana ndi madala ena a njinga, ena ovala ngati ine, tonse mimba zili patsogolo, n'kumapatsana moni ngati anthu a fuko limodzi. Tinkakhala pa kakhoma kena n'kumasula kamba wathu. Botolo lija amati ndi la madzi, ine ndinkathiramo thobwa. A Zuze ankatulutsa chinangwa chophika m'thumba la jekete.

Pobwerera ndiye panali pa ntchito, chifukwa kuchoka ku Blantyre kupita ku Limbe msewu umangokwera. Apo magiya anga ankandithandiza, ndipo a Zuze ankatsalira kumbuyo, akukankha chitsulo chawo n'kumang'ung'udza m'Chisena. Miyezi itapita lamba anayamba kusowa bowo, dokotala anamwetulira, ndipo ine ndinayambanso kudzuka ndi chodzukira. Lachitatu ndinkakhala nditayamba kale kuganiza za Loweruka. Mundimvetse bwino pamenepa, ana inu: njinga ija sinali choseweretsa cha nkhalamba, inali imene inkandisunga.

Tsono amalume anu anatumizanso mphatso ina, nsapato ndi mapedulo ake. Nsapato zake zili ndi kachitsulo kunsi, ukaponda pa pedulo zimati kwa! n'kugwirana, phazi ndi njinga kukhala chinthu chimodzi. Anaimba foni kuti andifotokozere.

"Adadi, pali kachitidwe kake pochotsa phazi, mumayenera ku..."

"Iwe Dalitso, ine ndinayamba kupalasa njinga mayi ako asanandidziwe. Undiphunzitsa chiyani?"

Ndinadula foni. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Loweruka limenelo ndinavala nsapatozo pa mango paja. Kwa! kwa! Zinagwira bwino, ndipo njinga inkathamanga ngati yamwa mankhwala. Pa nyumba ya a Makwinja geti linali lotseka, ine ndinangoti mwina lero agonereza. Vuto ndinalizindikira mu Limbe, nditafuna kuima. Ndikoke phazi m'mwamba, likukana. Ndikoke kumbuyo, likukana. Mwamwayi panali minibasi itaima, ndinaitsamira ndi dzanja, kondakitala n'kumandifunsa ngati ndikukwera ndi njinga yomwe. Kuyambira pamenepo poima paliponse ndinkafuna khoma, mtengo, kapena phewa la a Zuze. Ku Sunnyside ndinatsamira kakhoma kathu, n'kumasula zingwe, n'kusolola mapazi, nsapato zili chimatirire pa mapedulo. Thobwa ndinamwa ndili m'masokosi.

"Achimwene," anatero a Zuze, "zimenezi si nsapato, ndi msampha."

Ndinawauza kuti ndikafika kunyumba ndimuimbira mwana uja, ndikamufunse mozungulira. Foni ndinali nditaisiya pa tebulo, poti inkandilemera m'thumba la kumsana.

Tinabwerera dzuwa litakwera. Monga mwa masiku onse a Zuze anatsalira pa chitunda, buluku langa lili pa keliyala yawo, ine ndinatsogola kuti ndikawadikire pa mango, nditatsamira mtengo. Ndinakhota kulowa m'kanjira kathu kafumbi. Tsoka silinunkha. Nditangokhota, ndinaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu.

Inu ana a m'tauni, mumadziwa tanthauzo la masamba pamsewu? Ndiye kuti pafupi pali maliro. Wa galimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi. Wa chipewa amavula. Wa panjinga amatsika n'kuyamba kukankha mpaka atadutsa masamba enawo kutsogolo. Palibe wapolisi amene amaimapo, koma ndi lamulo loposa la boma. Ine amene ndinakalipirapo anyamata ambirimbiri chifukwa chodutsa pa masamba ali chikwerere, sindikanadutsa. Manja anagwira mabuleki okha, mutu usanaganize. Njinga inaima. Khoma panalibe, mtengo panalibe, a Zuze panalibe.

Ndinagwa pang'onopang'ono, ana inu, mwaulemu, ngati mtengo wa papaya. Ndinali ndi nthawi yoona azibambo atakhala pa mabenchi m'mbali mwa mpanda, onse atatembenuka. Kenako phuu! m'fumbi, njinga ili pakati pa miyendo, mapazi akadali pa mapedulo, tayala lakutsogolo likuzungulira lokha.

Pa maliro saseka, ndiye anthu ankangotsokomola. Azibambo awiri anabwera, anayesa kundilekanitsa ndi njinga, analephera, mpaka anandimasula zingwe n'kundisolola m'nsapato. Ndinaimirira m'masokosi. Mmodzi anandilankhula m'Chingerezi, poyesa kuti ndine mlendo wochokera kunja. Pamenepo ndikanatha kungogwedeza mutu, n'kukankha njinga yanga, n'kudutsa osadziwika. Koma helemeti ndi chipewa, ndipo chipewa pa maliro chimavulidwa. Ndinamasula kalamba ka pachibwano. Ndinachotsa magalasi.

"Aaa! Ndi a Nampinga!"

Mawuwo anayenda pa mabenchi onse ngati moto wa m'tchire. Ndinayang'ana nkhope zija: msungichuma, mlembi wa mpingo, aphunzitsi a Sande sukulu, a kwaya. Mpingo wonse. Ndipo m'pamene ndinaona geti limene anthuwo anakhalira.

"Kwagwanji kuno?" ndinafunsa, ngakhale mtima unali utadziwa kale.

"A Makwinja atisiya m'bandakucha," anatero mlembi. "Anangogwa. Pofika nawo kuchipatala n'kuti zitatha. Takhala tikukuimbirani foni."

Manyazi anayamba achoka kaye, m'malo mwake munalowa chisoni. Mnzanga, amene ndinadutsa pa geti lake m'mawa womwewo n'kumati wagonereza. Pakhomo pa mnzako wotere sungati ndikavale kaye ndibwera. Ndinakhala pa benchi, helemeti nditaiika pa miyendo kuti ibiseko zina, n'kumapempha mumtima kuti a Zuze afulumire.

Sanafulumire. Amene anafika ndi mkulu wa kubanja, n'kugwada pambali panga.

"Abusa ali kutali, afika madzulo. Poti inu akulu a mpingo mwafika, tati mulowe m'nyumba mukapemphere ndi anamfedwa."

M'nyumba, ana inu! Mukudziwa mmene zimakhalira. Mipando yonse amaitulutsa, amayi amakhala pansi pa mphasa, ndiye mwamuna wolowamo maso a amayi onse amathera m'mawondo mwake. Ndinayang'ana kumsewu, a Zuze osaoneka. Kukana sikukanatheka. Ndinadzuka n'kuyenda m'masokosi anga, ndipo pakhonde ndinadutsa mpando wa a Makwinja, atauika pamodzi ndi katundu wina, pokhalira pake pali chilowere.

Nditalowa, nyimbo imene amayi ankaimba inafa mzere usanathe. Ndipo pakona, pambali penipeni pa Mayi Makwinja, atawagwira dzanja, panali agogo anu.

Sanakuwe. Anandiyang'ana kuyambira kumasokosi, kukwera, mpaka kumaso, ndipo ndinadziwa kuti njinga yanga yafika kale ku Chiradzulu. Kenako anamasula chitenje chapamwamba, poti pa maliro amayi amavala ziwiri, n'kundiponyera osandiyang'ananso. Ndinachimanga m'chiuno. Chinali cha maluwa ofiira.

Ndinati mumtima, ukaipa dziwa nyimbo, lero ndipemphera pemphero loti aiwale miyendo. Ndinayamba ndi mawu akuluakulu aja a pa guwa. Koma nditangotchula dzina la a Makwinja mawu anandithera. Ndinakumbukira kuseka kwawo pa geti, ndi mwezi wamawa uja umene sunafike. Ndinalira, ana inu, mkulu wa mpingo, m'chitenje cha maluwa. Zimene ndinapemphera sindikuzikumbuka, ndimangokumbuka kuti amayi ankayankha amen akulira nawo.

Pamene ndinkati nditsirize, pakhomo panagwa mthunzi. A Zuze. Iwo anali atachita zonse mwa dongosolo lake: anatsikira patali, chipewa chili m'manja, jekete atamanga mabatani. Kungoti makutu awo anayamba kuvuta, ndiye akamanong'ona amamveka mpaka kumsewu. Anatambasula buluku langa ndi manja awiri ngati akuonetsa kasitomala.

"Achimwene, pepani ndachedwa. Buluku lanu ili!"

Amene anayamba kuseka ndi Mayi Makwinja eni ake. Anaseka misozi ili mbwembwembwe, atagwira pamtima, ndipo nyumba yonse inamasuka. Atapeza mpweya anatembenukira kwa agogo anu.

"Amayi, musawakalipire. Bambo ankadikira Loweruka chifukwa cha iwowa. Ankati, tatulutsani mpando msanga, miyendo ya a Nampinga yatsala pang'ono kudutsa. Sabata yonse ndi tsiku lokhalo limene ndinkawamva akuseka."

Agogo anu anangowapukuta misozi ndi nsonga ya duku.

Masiku onse a maliro sanandilankhule za nkhaniyi, ndipo chete wa agogo anu amaopsa kuposa kukalipa kwawo. Titaika maliro, ine ndinati mwamuna amasunga pangano. Njinga ndinaitsuka, ndinathira mafuta pa tcheni, ndinaikulunga makatoni kuti isakalike pa minibasi, n'kuiimika pakhomo la kuseri. Ndinamuimbiranso Dalitso, ndipo anandiuza kuti chidendene umangochipotolera kunja, phazi limatuluka lokha. Kanthu kakang'ono choncho! Koma tsopano kanalibenso ntchito. Mtima unali wolemera kwambiri. Ndinkadziwa kuti ndikubwerera pampando uja, ndipo ndinali nditangoona kumene njira imeneyo imathera.

Loweruka linafika. Kunja kukuyera ndinamva belu la a Zuze pa geti, ngiri ngiri. Ndinali nditaiwala kuwauza kuti asavutike. Ndinakoka bulangete n'kufunda kumutu. Belu linaliranso. Kenako bulangete linachoka lokha, agogo anu ataima pambali pa bedi, manja ali m'chiuno.

"Simukumva belu?"

"Ndikumva, mayi. Koma pangano ndi pangano. Munati munthu mmodzi, ndiye unandiona mpingo wonse."

"Unakuonani, inde. Ndipo manyazi amene munandichititsa sindidzawaiwala mpaka kufa. Ndikamalowa mu msonkhano wa amayi, onse amayamba kukonza maduku kuti abise pakamwa. Dzulo kumsika wina wandifunsa ngati chitenje changa munabweza."

Iwo anakhala pansi m'mphepete mwa bedi, atandifulatira.

"Koma ine ndinakhala pa mphasa ija masiku onse aja," anatero, mawu atatsika. "Ndinamva mmene anthu ankawayamikira a Makwinja. Munthu waulemu, wodzisunga, sanachititsepo banja lake manyazi. Zoona zokhazokha. Ndinawaonanso m'bokosi muja, suti yakuda, tayi, zonse. Anatchena kuposa mmene inu munatchenerapo chikwatirane. Ndiye ndinayang'ana akazi awo, anthu akubwera mmodzimmodzi kudzawagwira dzanja, pepani mayi, pepani mayi." Anaimirira. "Dzukani, bambo a Dalitso. Kuli bwino azindiseka kusiyana n'kuti azindipepesa."

Anatuluka msanga osandionetsa nkhope, ndipo ndinawamva akumina kukhitchini, kumene moto unali usanayatsidwe n'komwe.

Ndinadzuka, ana inu. Makatoni aja ndinawang'amba ndi manja. A Zuze atandiona ndikutuluka anatambasula dzanja kuti alandire cha pa keliyala, ine ndinapukusa mutu. Tsiku limenelo sitinadzere kanjira kakuseri. Tinadutsa msewu waukulu, kutsogolo kwenikweni kwa tchalitchi, amayi osesa ataimika matsache, ndipo buluku linatsala pa bedi.